Ndani Adatulukira Khofi?

Pa mpikisano wa mafunso umene udachitika mu holo yathu teremu yathayi gulu lathu lidagonja ndi malikisi awiri okha, ndipo anzanga mpaka lero akuloza ine chala. Funso lake lidali lakuti, ndani adatulukira khofi? Ine ndidadzuka nkuyankha kuti dzina la munthu ameneyo silidalembedwe pena paliponse. Wofunsa adasuzumira pa pepala lake, napukusa mutu, naponya funsolo ku gulu linalo. Mnyamata wina wa chaka choyamba adangoti, "Kaldi, mbusa wa mbuzi wa ku Ethiopia," basi holo yonse nkuwomba m'manja.

Sindikulemba kuti andibwezere malikisiwo ayi. Mphotho yake idali makope ndi zolembera, ndipo eni ake adagawana kale. Chimene chidandikhala pamtima nchakuti usiku umenewo mafunso okhudza khofi adalipo angapo, ena a nthano, ena a nyimbo, ena a malo, ndipo ambiri mwa iwo yankho lake lidali dzina la munthu mmodzi wochita chinthu chachikulu ali yekha. Ndidatola mainawo nkukakhala nawo m'laibulale masabata atatu.

Tiyambe ndi Kaldi yemweyo. Nthano yake mukuidziwa. Mbusa adaona mbuzi zake zikudumphadumpha usiku wonse zitadya tizipatso tofiira ta m'chitsamba china. Nayenso adalawa, tulo nkuthawa. Kenaka adakanena kwa amonke, amene adayamba kuwiritsa tizipatsoto kuti asamawodzere popemphera. Mabuku a mafunso amaika nkhaniyi m'zaka za m'ma 800. Komatu idasindikizidwa koyamba m'chaka cha 1671 mu mzinda wa Rome, m'kabuku ka Chilatini kotamanda khofi kamene adalemba Faustus Nairon, mphunzitsi wa zilankhulo wa mpingo wa Maronite. Pakati pa mbuzizo ndi cholembera cha Nairon pali zaka pafupifupi 800 zopanda mboni. Ndipo m'nkhani ya Nairon mbusayo alibe dzina, wolembayo mwini akukayika ngati ziwetozo zidali mbuzi kapena ngamira, ndiponso zonsezo zikuchitikira ku Yemen, osati ku Ethiopia. Dzina lakuti Kaldi lidadzamera pambuyo pake, ndipo lidafala kwambiri ndi buku lotchedwa All About Coffee la mu 1922, limene adalemba William Ukers, mkonzi wa magazini ya amalonda a tiyi ndi khofi ku New York.

Choona m'nthanoyi ndi mtengowo. Khofi wa mtundu wa arabica kwawo ndi ku nkhalango za m'mapiri a kumwera chakumadzulo kwa Ethiopia, dera la Kaffa ndi madera oyandikana nalo, kumene mpaka lero amadzimerera yekha mumthunzi wa mitengo ikuluikulu. Aoromo ali ndi mwambo wakale wokazinga zipatso zake m'mafuta a mkaka nkumadya. Anthu amene akhala ndi chitsamba kuseri kwa nyumba mibadwo ndi mibadwo sadikira mbuzi kuti iwauze ntchito yake. Nanga ife, ndani adatulukira chisoso kapena bonongwe? Ndani adaphika thobwa loyamba? Mutakafunsa funso lotere kumudzi angakusekeni.

Umboni weniweni wa khofi wakumwa ukuyambira ku Yemen, tsidya lina la Nyanja Yofiira, cha m'katikati mwa zaka za m'ma 1400. Oyamba kutchulidwa ndi Asufi, Asilamu a mapemphero a usiku, amene ankapatsirana chikho cha khofi kuti athe kuchezera potamanda Mulungu. Wotifotokozera zimenezi ndi Abd al-Qadir al-Jaziri, amene adalemba mbiri ya chakumwachi m'zaka za m'ma 1500. Kuchokera ku Yemen khofi adatsata amalonda ndi apaulendo mpaka ku Mecca ndi ku Cairo, ndipo atangotuluka m'manja mwa opemphera nkulowa m'misika, milandu idayamba. M'chaka cha 1511 Khair Beg, mkulu woyang'anira misika ndi makhalidwe a anthu ku Mecca, adapeza kagulu ka amuna kakumwa khofi usiku pafupi ndi mzikiti. Adasonkhanitsa akuluakulu a malamulo a Chisilamu, asing'anga awiri adachitira umboni kuti chakumwacho nchoipa m'thupi, ndipo khofi adaletsedwa. Chiletsocho sichidakhalitse, poti yankho lochokera kwa mfumu ku Cairo lidadzudzula misonkhanoyo koma silidaletse chakumwacho. Apa yankholo lidalasa pamene padali nkhani. Mowa umagoneka munthu, koma khofi amamukhazika tsonga maso ali gwa, ndipo anthu okhala tsonga usiku sachedwa kuyamba kukamba za owalamulira.

Mafumu ena adaona zomwezo. Ku Istanbul nyumba zomweramo khofi zidatsegulidwa m'zaka za m'ma 1550, ndipo mu 1633 Sultan Murad IV adazitseka. Ku London nyumba yoyamba adatsegula Pasqua Rosée mu 1652. Mu Disembala 1675 mfumu Charles II idalengeza kuti nyumba zotere zitsekedwe zonse chifukwa m'menemo mumafala mabodza onyoza boma, koma madandaulo adachuluka kotero kuti lamulolo lidachotsedwa pasanathe masabata awiri, lisanayambe nkugwira ntchito komwe.

Funso la malo lidali lolunjika, ndipo palibe chodandaula. Mocha ndi doko la ku Yemen pa Nyanja Yofiira, pamene zombo zinkanyamulira khofi kwa zaka zambiri mpaka dzina la dokolo lidasanduka dzina la chakumwa. Koma liwu lakuti khofi lili ndi ulendo wake woyenera kuutsata. Aarabu amati qahwa, Aturuki adalisandutsa kahve, Adatchi koffie, Angerezi coffee, ife khofi. Anzathu olankhula Chiswahili adalilandira kwa Aarabu pamanja, amati kahawa, ndipo njere zake amazitcha buni, liwu lapachibale ndi buna la ku Ethiopia. Ife lidatipeza litazungulira ku Istanbul ndi ku London, ndipo tiona kutsogoloku kuti mtengo womwe udayenda njira yokhota chimodzimodzi.

Nthano ya ku Vienna njokoma kuposa ya mbuzi. M'chaka cha 1683 asilikali a Aturuki adazinga mzindawo miyezi iwiri, kufikira mfumu ya ku Poland, Jan Sobieski, idabwera kudzawabalalitsa. Akuti pothawa adasiya matumba a njere zimene anthu adaziyesa chakudya cha ngamira, ndipo munthu mmodzi yekha, Georg Franz Kolschitzky, amene adakhalapo pakati pa Aturuki, adazindikira kuti ndi khofi, napempha matumbawo ngati mphotho yake, natsegula nyumba yoyamba ya khofi mu mzindawo. Kolschitzky adalipodi, ndipo adadutsadi pakati pa adani atavala ngati Mturuki kukapereka uthenga. Ku Vienna kuli msewu wa dzina lake ndi chiboliboli chake chomwe. Koma za matumbazo adalemba ndi wansembe wina, Gottfried Uhlich, mu 1783, patatha zaka 100, ndipo zikalata za boma zikuonetsa kuti woyamba kulandira chilolezo chogulitsa khofi adali Johannes Diodato, wamalonda wa mtundu wa anthu a ku Armenia, mu 1685. Iyeyu sadapulumutse mzinda, ndiye mabuku a mafunso alibe naye ntchito.

Funso la nyimbo silidandikhumudwitse. Johann Sebastian Bach adapekadi nyimbo ya khofi, imene imadziwika kuti Coffee Cantata ndipo akatswiri adaipatsa nambala BWV 211. Ambiri a ife timamudziwa Bach ngati munthu wa tchalitchi, ndipo nzoona: kuyambira 1723 mpaka imfa yake mu 1750 ndiye ankayang'anira nyimbo m'matchalitchi akuluakulu a ku Leipzig ndi kuphunzitsa anyamata a pa sukulu ya St Thomas. Koma mu 1729 adatenganso utsogoleri wa Collegium Musicum, gulu la oyimba, ambiri mwa iwo ophunzira a pa yunivesite, limene adaliyambitsa Georg Philipp Telemann nayenso akali wophunzira. Gululi linkaimba sabata ndi sabata m'nyumba ya khofi ya Gottfried Zimmermann, ndipo nyengo yotentha linkaimbira m'munda wake kunja kwa chipata cha mzinda. Taganizani: ophunzira ngati ife tomwe, mkulu wawo atakhala pa harpsichord, omvera akugogoda makapu ndi kusuta fodya. Mposadabwitsa kuti nyimboyo imayamba ndi woyimba kuwakhazika chete anthu.

Mawu ake adalemba ndi mlakatuli Christian Friedrich Henrici, wodziwika ndi dzina lakuti Picander, yemweyo amene adalemba mawu a St Matthew Passion. Adawasindikiza mu 1732, ndipo Bach adawaika m'nyimbo m'zaka zochepa zotsatira. Oyimba alipo atatu: wofotokoza nkhani, bambo wokalamba Schlendrian, ndi mwana wake wamkazi Lieschen. Bamboyo akufuna kuti mtsikanayo aleke khofi. Amuopseza kuti sadzapitanso ku maukwati, sadzamugulira chovala cha makono, sadzamulola ngakhale kuima pa zenera kuonerera odutsa. Mtsikana zonsezo avomera, bola asamulande khofi wake. Potsiriza bambo agwira pamene pali mtima: akapanda kuleka, sakwatiwa. Apo Lieschen agonja.

Ndakatulo imene Picander adasindikiza imathera pomwepo, kholo litapambana. Koma m'nyimbo ya Bach muli ndime ziwiri zowonjezera. Bambo atatuluka kukafuna mkamwini, mtsikana atumiza mawu mwamseri kuti wofuna kumufunsira ayambe walonjeza, ndipo zilembedwe m'chikalata cha ukwati, kuti adzamulola kuphika khofi nthawi iliyonse imene wafuna. Kenaka atatu onse aimbira pamodzi kuvomereza kuti chimene mayi ndi agogo amamwa nkovuta kumletsa mwana. Ine ndimaikonda nyimboyi chifukwa cha ndime ziwirizo. Ankhoswe a kwathu akadamumvetsa msanga mtsikana ameneyu, poti amadziwa kuti mfundo imene idadumphidwa pa chinkhoswe ndiyo imadzawadzutsa pakati pa usiku.

Mkangano wa bambo ndi mwanayu sudali nthabwala chabe m'maiko a Chijeremani. Mu 1781 mfumu ya ku Prussia, Frederick II, poona ndalama zikutuluka m'dziko kukagula khofi kunja, idalamula kuti kukazinga khofi ikhale ntchito ya boma, ndipo idalemba asilikali opuma kuti aziyenda m'misewu kununkhiza m'makomo mwa anthu.

Za Beethoven ndingodutsapo. Akuti ankawerenga njere 60 pa kapu iliyonse. Wonena ndi Anton Schindler, amene adakhalapo mlembi wake. M'zaka za m'ma 1970 akatswiri adatsimikiza kuti Schindler yemweyu, Beethoven atamwalira kale, adalembamo mawu ambiri abodza m'timabuku timene alendo ankalembamo pocheza ndi woyimba wogonthayo. Njere 60 zija mwina nzoona, koma mboni yake ndi imeneyo.

Tsono funso limene silidafunsidwe mu holo muja ndi ili: khofi amene Lieschen ankalirira adalima ndani?

Mpaka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1600 pafupifupi khofi yense wa malonda ankachokera m'minda ya m'mapiri a Yemen. Kutuluka kwa mbewuyi kumeneko kuli ndi nthano zakenso, ndipo mukaziika pamodzi muona kuti ndi nthano imodzi yongosintha malaya. Ku India amati Baba Budan, pobwerera kuchokera ku Mecca, adabisa njere zisanu ndi ziwiri nakazibzala m'mapiri a Chikmagalur. Adatchi adabzala khofi ku Java m'zaka za m'ma 1690, mu 1706 adatumiza mtengo ku munda wa zomera wa ku Amsterdam, ndipo mu 1714 mzinda wa Amsterdam udapereka kamtengo kwa mfumu Louis XIV ya ku France. Kuchokera ku France msilikali wa pamadzi, Gabriel de Clieu, adatenga mbande kupita nayo ku chilumba cha Martinique kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1720, ndipo akuti madzi atachepa m'chombo ankagawana ndi mbandeyo madzi ake akumwa. Wonena zimenezi ndi de Clieu mwini, m'kalata imene adalemba patapita zaka pafupifupi 50. Ku Brazil amati mu 1727 Francisco de Melo Palheta adakopa mtima wa mkazi wa bwanamkubwa wa ku French Guiana, ndipo mayiyo adamubisira mbewu m'maluwa otsanzikirana. Munthu mmodzi, kambewu kochepa, ulendo woopsa, dziko lonse nkupindula.

Nthano zimenezi sizili zopanda fupa. Akatswiri a zomera apeza kuti arabica wolimidwa kunja kwa Ethiopia adachokeradi ku mitengo yowerengeka, makamaka mabanja awiri: la ku Java ndi Amsterdam lija, ndi lina limene Afalansa adakabzala pa chilumba cha Bourbon, chimene lero ndi Réunion. Nchifukwa chake mitengoyo imafanana ngati ana a mimba imodzi, ndipo nthenda ikagwira umodzi yagwira yonse. Ku Ceylon, kumene lero ndi Sri Lanka, nthenda ya masamba yooneka ngati dzimbiri idabuka mu 1869, ndipo m'zaka 20 ulimi wa khofi udagweratu, eni minda nkutembenukira ku tiyi.

Koma kamtengo kamodzi sikasanduka zombo zodzaza matumba popanda manja. Khofi amafuna wodula nkhalango, wokumba maenje, wopalira zaka zitatu kapena zinayi mtengo usanabereke, ndiponso wothyola chipatso chimodzichimodzi poti sizipsa tsiku limodzi. Pofika 1788 theka la khofi wa dziko lonse lapansi linkachokera ku Saint-Domingue, dziko lolamulidwa ndi Afalansa ku Caribbean, kumene kudali akapolo pafupifupi 500,000, ambiri a iwo obadwira mu Africa. Mu 1791 akapolowo adaukira natentha minda, ndipo mu 1804 dzikolo lidakhala Haiti. Ku Java alimi ankakakamizidwa kusamala mitengo ya khofi ndi kupereka zokolola kwa Adatchi pa mtengo wozizira. Buku la Max Havelaar, limene Eduard Douwes Dekker adasindikiza mu 1860 pansi pa dzina lakuti Multatuli, lidalembedwa kuti anthu a ku Holland adziwe nkhanza zimene zinkachitika m'dzina lawo. Brazil, imene mpaka lero ikutsogola pa ulimi wa khofi, idathetsa ukapolo mu 1888, pambuyo pa maiko onse a ku America. Ndipo ena mwa akapolo amene adatsitsidwa ku Rio de Janeiro m'zaka za m'ma 1800 adakwezedwa chombo pa Quelimane, doko limene linkalandira anthu ogwidwa m'chigwa cha Zambezi ndi m'madera a kumtunda kwake. Pamenepa nkhani ya khofi yayamba kuyandikira kwathu.

Nafenso tili nayo nthano yathu ya mtengo umodzi. Mu 1878 Jonathan Duncan, wosamalira munda wa mishoni ya Church of Scotland ku Blantyre, adabwera ndi timitengo ta khofi tochokera ku munda wa zomera wa ku Edinburgh, ndipo nkhani imati mwa titatu kamodzi kokha ndiko kadapulumuka, nkukhala kholo la minda ya ku mapiri a Shire. Taonani ulendo wake: mbewu ya mu Africa kufika kwathu kudzera ku Scotland. John Buchanan, amene adachotsedwa ntchito pa mishoniyo mu 1881 pa milandu yokwapula anthu, adatsegula minda ya khofi ku Zomba pamodzi ndi abale ake, ndipo Azungu ena adathamangira kudzatenga malo akuluakulu kwa mafumu posinthana ndi nsalu, mikanda ndi mfuti. Ngakhale Joseph Booth, amene John Chilembwe adayamba kugwira ntchito pakhomo pake, adadalira phindu la khofi kuti mishoni yake ya Zambezi Industrial Mission izidziimira payokha. Mu 1900 dziko lino lidatumiza kunja khofi wokwana matani pafupifupi 1,000. Kenaka zinthu zidagwa msanga: khofi wa ku Brazil adadzaza misika mitengo nkutsika, mvula idavuta, tizilombo tidasakaza minda, ndipo atsamunda adatembenukira ku thonje, fodya ndi tiyi.

Khofi adapita, koma malo sadabwerere kwa eni ake. Zikalata za umwini wa malo zimene Harry Johnston adapereka m'masiku a khofi zidatsala. Msonkho wa nyumba umene unkakankhira amuna ku maesiteti udatsala. Thangata, liwu limene kale linkatanthauza kuthandizana kumunda, lidasanduka ntchito yolipirira pamene munthu wamanga nyumba yake. Ogwira makasu adali Atonga ochokera m'mbali mwa nyanja, Angoni a ku mapiri, ndipo pambuyo pake Alomwe othawa nkhanza za Apwitikizi. Esiteti ya Magomero, kumene anthu a Chilembwe adakapha William Jervis Livingstone mu 1915, nayonso idayamba ndi khofi isanatembenukire ku thonje. Lero khofi wa alimi ang'onoang'ono akulimidwa kumpoto, ku Misuku, ku Phoka, ku Viphya ndi m'mapiri a Nkhata Bay, pamene ambiri a ife pakhomo timamwa tiyi.

Tsiku langa lotsiriza m'laibulale ndidapeza chithunzi cha sitampa ya British Central Africa ya mu 1895. Chizindikiro cha boma chimene chili pamenepo adachikonza ndi Johnston mwini. Pamwamba penipeni pali mtengo wa khofi. M'mbali mwa chishango mwaima amuna awiri akuda, wina wagwira piki, wina fosholo. Ndidabwereka galasi lokuzira zilembo kwa woyang'anira mabuku kuti ndione ngati pansi pa mapazi awo pali maina. Palembedwa mwambi wa boma m'Chingerezi, wonena za kuwala mu mdima, ndi mtengo wa sitampayo.